Sir Moses Montefiore: Mafunso ndi Mayankho pa Moyo wa Mpondamatiki Wachifundo

Dzina la Montefiore ena amalidziwira pa chipatala chachikulu cha ku New York, ena pa chigayo choyendera mphepo chimene chimaonekera patali ku Jerusalem. Mwini dzinalo ndiye sadziwika kwenikweni. M'munsimu muli mafunso amene anthu amafunsa kawirikawiri za munthuyu, kuyambira apafupi mpaka ofuna kukhalira pansi.

Kodi Moses Montefiore anali ndani?

Anali Myuda wa ku Britain amene analemera pa msika wa masheya ku London, n'kusiya malonda a tsiku ndi tsiku ali ndi zaka 40 zokha. Zaka 60 zotsalazo anazithera pothandiza osauka ndi kulankhulira anthu oponderezedwa, kwawo ku England ndi kunja komwe.

Anabadwa pa 24 Okutobala 1784 mumzinda wa Livorno ku Italy, makolo ake ali paulendo wa malonda. Banja lawo linali lochokera ku Italy komweko koma linali litakhazikika kale ku London, ndipo n'kumene iye anakulira. Anamwalira pa 28 Julayi 1885 ku Ramsgate, atakwanitsa zaka 100. Anali chimphona cha munthu, wamtali pafupifupi mamita 1.9, moti akalowa m'nyumba ya mfumu sankasowa womuona.

Chuma chakecho anachipeza bwanji?

Sanapite patali ndi sukulu. Ali mnyamata anayamba ntchito kwa amalonda ogulitsa tiyi ndi zakudya, kenako analowa pa msika wa masheya. Mayi ake anali a ku banja la Mocatta, lodziwika pa malonda a golide ndi siliva, choncho amalume omutsegulira zitseko analipo. Masiku amenewo mzinda wa London unkalola Ayuda 12 okha kukhala ndi chiphaso chogulira ndi kugulitsira ena masheya, ndipo Montefiore anadzakhala mmodzi mwa iwo. Chiyambi sichinali chosalala: mu 1806 anataya ndalama zambiri za makasitomala ake chifukwa cha chinyengo cha munthu wina, ndipo zinamutengera zaka kuti aimenso.

Chimene chinasintha zinthu ndi ukwati. Mu 1812 anakwatira Judith Cohen, amene m'bale wake Hannah anali mkazi wa Nathan Mayer Rothschild, mwini banki wolemera kwambiri wa ku London. Amuna awiriwa, pokwatira khomo limodzi, anakhalanso oyandikana nyumba ku New Court, ndipo Montefiore ndiye ankamugulira ndi kumugulitsira Rothschild masheya pa nthawi imene maboma a ku Ulaya ankabwereka ndalama zankhaninkhani chifukwa cha nkhondo za Napoleon. Iye ndi mng'ono wake Abraham anapindula kwambiri pa zaka zimenezo.

Anathandizanso kuyambitsa makampani amene anapitiriza kumubweretsera phindu atapuma: kampani ya inshuwalansi ya Alliance mu 1824, Imperial Continental Gas Association imene inkayatsa nyale za gasi m'misewu ya mizinda ya ku Ulaya, ndi Provincial Bank of Ireland.

N'chifukwa chiyani anasiya malonda akadali wamphamvu?

Chaka cha 1824 chinali chowawa pabanja, chifukwa Abraham, mng'ono wake komanso mnzake wa pa malonda, anamwalira. Iye ndi Judith analibe ana oti awaunjikire chuma, ndipo zimene anali nazo zinali zokwana kale. Komabe "kusiya" kumeneku tikumvetse bwino. Anasiya kupita pa msika tsiku lililonse, koma mipando yake m'makampani sanaitaye, ndiponso ubale wake ndi banja la Rothschild ndi akuluakulu a boma anausunga. Ubale umenewu ndi umene unadzamutsegulira makomo a mafumu.

Ulendo wake woyamba wa ku Jerusalem mu 1827 ndiwo unamutembenuza mtima. Anakhalako masiku ochepa chabe, koma pobwera anali munthu wina pa za chipembedzo. Anayamba kusunga Sabata ndi malamulo a zakudya mosaphonya, mpaka m'maulendo ake ankatenga munthu wake womuphera nyama motsatira mwambo wa Chiyuda.

Kodi kwawo ku England anachitako zotani?

Mu 1831 anagula nyumba yotchedwa East Cliff Lodge m'tauni ya m'mphepete mwa nyanja ya Ramsgate, ndipo mu 1833 anatsegula sunagoge pamalo omwewo. Ankathandiza zipatala, masukulu ndi nyumba zosungiramo osauka, za Ayuda ndi za Akhristu zomwe, moti anthu a ku Ramsgate ankamutenga ngati wawo. Pamene ankakwanitsa zaka 99 ndi 100 tauni yonse inachita chikondwerero.

Mu 1837 anasankhidwa kukhala Sheriff wa London, udindo waulemu wothandiza pa za makhoti a mzindawo, Myuda wachiwiri kukhala pa mpandowo pambuyo pa David Salomons. Chaka chomwecho Mfumukazi Victoria, atangolowa kumene ufumu, anamupatsa ulemu wotchedwa Sir, ndipo mu 1846 anamukweza kukhala baronet, ulemu woposa pamenepo umene mwana amatha kulowa bambo akamwalira. Tikumbukire kuti pa nthawiyo Myuda sankatha kukhala phungu wa nyumba ya malamulo popanda kulumbira monga Mkhristu. Zimenezi zinasintha mu 1858.

Udindo wake waukulu unali wotsogolera bungwe loyimira Ayuda a m'dzikomo, la Board of Deputies of British Jews, kuyambira 1835 mpaka 1874, ngakhale ankapumirapo mwa apo ndi apo. Za mmene anaugwirira udindowu zili pa funso la zolakwa zake.

Ndamva kuti anakhudzidwa ndi nkhani yothetsa ukapolo. Zinali bwanji?

Funso ili ndi lofunika kwa ife a ku Africa, ndipo yankho lake silokoma monga ena amalifotokozera. Mu 1833 nyumba ya malamulo ya Britain inakhazikitsa lamulo lothetsa ukapolo m'maiko ambiri amene inkalamulira. Kuti eni minda avomere, boma linalonjeza kuwapatsa chipukutamisozi cha mapaundi 20 miliyoni. Ndalamazo boma linalibe m'manja, choncho mu 1835 Nathan Rothschild ndi Montefiore anatsogolera ntchito yolipezera ngongole ya mapaundi 15 miliyoni.

N'zoona kuti ngongoleyi inathandiza kuti lamulo ligwire ntchito ndi kuti anthu pafupifupi 800,000 amasulidwe. Montefiore ankagwirizananso ndi anthu ena olimbana ndi ukapolo. Koma ndalamazo zinapita kwa amene ankasunga akapolo. Akapolo eni akewo, amene thukuta ndi magazi awo zinalemeretsa minda ya nzimbe ku Caribbean, sanalandire ngakhale khobidi, ndipo ambiri anakakamizidwa kugwirabe ntchito kwa mabwana awo akale mpaka 1838. Komanso imeneyi inali ngongole ya chiwongoladzanja, osati mphatso. Boma la Britain linadzamaliza kubweza zotsalira za ngongole zakale zimene iyi inaphatikizidwamo mu 2015. Choncho ntchito imeneyi tisaiwerengere pamodzi ndi zachifundo zake. Anali malonda amene anatumikira cholinga chabwino kudzera m'njira yopanda chilungamo.

Kodi nkhani ya ku Damascus ya mu 1840 inali yotani?

Iyi ndiyo inamutchukitsa padziko lonse. Mu Febuluwale 1840 wansembe wina wa Chikatolika, Bambo Thomas, anasowa mumzinda wa Damascus ku Syria pamodzi ndi wantchito wake. Posakhalitsa kunabuka bodza lakalekale lonena kuti Ayuda amapha Akhristu kuti agwiritse ntchito magazi awo pa mwambo wa Pasika. Kazembe wa France mumzindawo, Ratti-Menton, anakolezera moto. Akuluakulu a Chiyuda anamangidwa ndi kuzunzidwa kuti avomere mlandu, ena anafera m'manja mwa owazunza, ndipo ana oposa 60 anagwidwa kuti makolo awo aulule.

Syria pa nthawiyo inkalamulidwa ndi Muhammad Ali wa ku Egypt. Montefiore ananyamuka ndi mkazi wake, loya wa ku France Adolphe Crémieux, ndi katswiri wa zilankhulo Louis Loewe, kupita ku Alexandria kukaonana naye maso ndi maso. Iwo ankafuna kuti mlandu uzengedwenso poyera. Zimenezo sizinatheke, koma mu Sepitembala akaidi 9 amene anali moyo mwa 13 amene anamangidwa anatulutsidwa. Montefiore sanakhutire ndi kutulutsidwa kokhako, chifukwa bodza lija linali likadali pamutu pawo. Anapitirira ulendo mpaka ku Constantinople, kumene mu Novembala Sultan Abdülmecid, wolamulira ufumu wa Ottoman wa ku Turkey, anatulutsa chikalata chonena kuti mlandu wa magaziwo ndi wabodza ndipo Ayuda a mu ufumu wake atetezedwe monga nzika zina zonse.

Pali chimene sitiyenera kubisa: nthawi inamukomera. Muhammad Ali anali pa mkangano ndi Sultan, ndipo Britain ndi maiko ena amphamvu anali kumupanikiza kuti achoke mu Syria. Kukana pempho la munthu wobwera ndi madalitso a boma la Britain kukanamuonjezera mavuto. Izi sizichotsa kulimba mtima kwa Montefiore, koma zikufotokoza chifukwa chake maulendo ena, pamene ndale sizinali kumbali yake, sanabale zipatso zofanana.

Anapitanso kuti, ndipo zinamuyendera?

Mu 1846 anapita ku St Petersburg nyengo yozizira isanathe kukaonana ndi Tsar Nicholas I, mfumu ya Russia, amene boma lake linkafuna kusamutsa Ayuda okhala kufupi ndi malire a kumadzulo. Anamulandira mwaulemu, ndipo pobwerera anadzera ku Vilna ndi ku Warsaw kumene makamu a anthu anamuchingamira. Koma moyo wa Ayuda a ku Russia sunapepuke. Anapitakonso mu 1872 kukaonana ndi Alexander II.

Ulendo wa ku Rome mu 1859 unalephereratu. Chaka cham'mbuyo, apolisi a boma la Papa anachotsa mwana wa zaka 6, Edgardo Mortara, m'manja mwa makolo ake a Chiyuda ku Bologna, ati chifukwa wantchito wa m'nyumba anam'batiza mobisa ali wakhanda atadwala. Montefiore anadikira milungu ingapo, koma Papa Pius IX sanamulole kuonana naye. Anangoonana ndi Cardinal Antonelli amene anamuuza kuti nkhaniyo inatha. Mwanayo sanabwerere kwawo, ndipo atakula anakhala wansembe.

Wa ku Morocco ndiwo umandikhudza kwambiri. Judith anali atamwalira mu 1862, ndipo iye anali ndi zaka 79. Atamva kuti Ayuda ena a ku Safi amangidwa ndipo ena aphedwa pa mlandu wokayikitsa, ananyamuka kudzera ku Madrid, Tangier ndi Gibraltar, anakwera sitima ya nkhondo ya Britain mpaka ku Mogador, kenako anadutsa mtunda wouma kwa masiku ambiri atanyamulidwa pa machila, usiku akugona m'matenti, mpaka anafika ku Marrakesh. Mu Febuluwale 1864 Sultan Muhammad IV anapereka chikalata cholamula kuti Ayuda aziweruzidwa mwachilungamo. Akuluakulu ambiri a m'zigawo sanachilabadire chikalatacho, komabe anthu anali ndi pepala la mfumu loti n'kulozapo akaponderezedwa.

Mu 1867, ali ndi zaka 82, anafika ku Bucharest ku Romania kukadandaula kwa Prince Carol. Chikhamu cha anthu olusa chinasonkhana panja pa hotela imene anafikira, koma iye sanathawe. Malonjezo analandira, kusintha kunali kochepa.

Bwanji sankangotumiza ndalama kapena nthumwi?

Apa ndi pamene pagona kusiyana kwake ndi olemera anzake. Panali Ayuda ena a chuma choposa chake, kuyambira banja la Rothschild lomwelo, ndipo ankapereka ndithu. Montefiore anaonjezapo thupi lake. Ankadziwa kuti kalata mfumu itha kuiponya pambali, koma nkhalamba yotchuka imene yayenda miyezi pa ngolo ya akavalo ndi pa sitima, itavala zovala za udindo wake, nyuzipepala za ku London zikutsatira ulendo wake, n'kovuta kuibweza pachipata. Fumbi ndiwe mwini.

Kupita yekha kunkachitanso kanthu kwa anthu amene ankawapitira. Myuda wosauka wa ku Vilna kapena ku Marrakesh, amene anazolowera kuwerama pamaso pa msilikali aliyense, ankaona mnzake wa chipembedzo chimodzi akulandiridwa ndi mafumu. N'chifukwa chake zithunzi zake zinkapachikidwa m'nyumba za anthu amene sanalandirepo ndalama yake n'kamodzi komwe. Ine ndikuona kuti mphatso yake yaikulu inali imeneyi, kuposa zikalata za mafumu zija zimene zambiri zinangothera m'mabokosi.

Nanga ku Jerusalem anamangako chiyani?

Anapitako maulendo 7: mu 1827, 1839, 1849, 1855, 1857, 1866 ndi 1875, womalizawo ali ndi zaka 90. Dzikolo linali pansi pa ufumu wa Ottoman, kupatula zaka zochepa za ulamuliro wa Egypt. Ayuda a mu Jerusalem ankakhala mothinana mkati mwa linga la mzinda, madzi abwino ali osowa, matenda ali ponseponse, ndipo ambiri ankadalira thandizo lochokera kunja lotchedwa halukka.

Montefiore ankagawa ndalama kwa osauka, koma mtima wake unali poti anthu azidzidyetsa okha. Anatumiza dokotala, Simon Fraenkel, kukatsegula malo operekera mankhwala mu 1843. Anatumiza makina osindikizira mabuku, anayesa kuyambitsa ntchito yoluka nsalu ndi sukulu ya atsikana, anagula munda wa zipatso pafupi ndi Jaffa, ndipo mu 1841 anakonzetsa manda a Rachel kufupi ndi Bethlehem. Anachititsanso kalembera wa Ayuda a m'dzikomo kasanu, mu 1839, 1849, 1855, 1866 ndi 1875, kulemba mayina, zaka, kochokera ndi ntchito za anthu. Kalembera ameneyu ndi chuma kwa ofufuza mbiri ya mabanja mpaka lero.

Ntchito yodziwika koposa ndi Mishkenot Sha'ananim, mudzi woyamba wa Ayuda kunja kwa linga, umene unamalizidwa mu 1860 pamalo amene anagula mu 1855 ndi chilolezo cha Sultan. Nyumba zake zinali zamiyala, zolowa mpweya, zokhala ndi chitsime chosungira madzi a mvula ndi pampu yachitsulo yochokera ku England. Koma anthu anakana kusamukirako. Zipata za mzinda zinkatsekedwa dzuwa likalowa, ndipo kunja kunali achifwamba. Ena analandira ndalama kuti akakhaleko, komabe madzulo ankabwerera kukagona mkati mwa linga. Mantha anayamba kutha pamene kolera anasakaza mzindawo chapakati pa zaka za m'ma 1860, anthu n'kuona kuti okhala kunja kuja akupulumuka.

Kodi chigayo choyendera mphepo chija chinagwiradi ntchito?

Pang'ono chabe. Chinamangidwa mu 1857 ndi zipangizo zochokera kwa amisiri a ku Canterbury ku England, kuti osauka azipeza ufa wotsika mtengo ndi ntchito. Vuto linali lakuti pamalopo mphepo yamphamvu imawomba masiku ochepa pachaka, tirigu wa kumeneko ndi wouma kuposa amene makinawo anapangidwira, ndipo chitsulo chikathyoka chinzake chinkayenera kuchokera ku England. Pasanathe zaka 20 chinaima, zigayo zoyendera nthunzi n'kulanda malo. Aliyense amene anaonapo makina operekedwa ndi abwenzi akunja akuchita dzimbiri chifukwa chosowa kachitsulo kamodzi, nkhaniyi aimvetsa msanga.

Mu 1948 asilikali a Britain anaphulitsa nsonga yake. Chinakonzedwanso, ndipo mu 2012 mapiko ake anazunguliranso.

Kodi ndalama zonse zimene ankagwiritsa ntchito zinali zake?

Ayi. Mudzi wa Mishkenot Sha'ananim unamangidwa makamaka ndi madola 50,000 amene Judah Touro, wamalonda wa ku New Orleans amene anamwalira mu 1854, anasiyira osauka a ku Jerusalem, n'kusankha Montefiore kuti ayang'anire. Kawirikawiri iye ankayamba n'kuponya yake m'mbale, kenako n'kulemba makalata opempha ena. Anthu ankapereka chifukwa ankakhulupirira kuti ndalama yodzera m'manja mwake ifika. Maulendo ake ambiri ankalipira yekha.

Kodi ankathandiza Ayuda okhaokha?

Mtima wake waukulu unali pa anthu a mtundu wake, ndipo sankabisa. Koma mu 1860, Akhristu zikwizikwi ataphedwa ku Lebanon ndi ku Damascus, mzinda womwe uja unazunza Ayuda zaka 20 m'mbuyomo, iye analemba kalata m'nyuzipepala ya The Times kupempha anthu a ku Britain kuti athandize otsala, ndipo anali m'gulu la oyamba kupereka. Anasonkhetsanso thandizo pa njala ya ku Persia kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1870. Za ku Ramsgate zanenedwa kale pa funso la ku England.

Mkazi wake anali ndi gawo lanji?

Lalikulu. Ukwati wawo womwe unali wachilendo, chifukwa iye anali wa Ayuda otchedwa Sephardi, a mwambo wochokera ku Spain ndi Portugal, pamene Judith anali wa Ashkenazi, a mwambo wa ku Germany ndi kum'mawa kwa Ulaya, ndipo magulu awiriwa ku London sankakonda kukwatirana. Judith anali wophunzira, wodziwa zilankhulo zingapo, ndipo anayenda naye maulendo asanu oyamba a ku Jerusalem, wa ku Alexandria, wa ku Russia ndi wa ku Rome, ngakhale thanzi lake linali lofooka. Ankalemba zochitika za m'maulendowo tsiku ndi tsiku. Atamwalira mu 1862, patatha zaka 50 ali m'banja, mwamuna wake anamumangira manda ofanana ndi a Rachel aja pafupi ndi sunagoge wa ku Ramsgate, ndipo anakhazikitsa sukulu ya maphunziro a chipembedzo m'dzina lake. Iyenso anaikidwa m'manda omwewo.

Kodi anali ndi zolakwa zotani?

Anali wouma mutu pa za chipembedzo. Ayuda ena a ku London atayambitsa sunagoge wosintha miyambo ina, West London Synagogue, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1840, iye anaima ndi amene anawachotsa mumpingo, ndipo anawatsekera kunja kwa Board of Deputies nthawi yonse ya utsogoleri wake. Mng'ono wake weniweni, Horatio, anali mbali inayo, ndipo ubale wawo unasokonekera. N'zomvetsa chisoni kuti munthu amene anawoloka nyanja kukapempha mafumu kulolera a chikhulupiriro china analephera kulolera abale ake a pakhomo.

Ankakhulupiriranso kwambiri mawu a mafumu. Akalandiridwa bwino n'kupatsidwa chikalata, ankabwerera kwawo akulengeza chipambano, pamene kumbuyo zinthu zinali chimodzimodzi, monga taonera pa maulendo a ku Russia ndi ku Romania. Ndipo zina mwa ntchito zake za ku Jerusalem zinakonzedwera ku London popanda kumva mokwanira eni malo.

Kodi iye ndiye anayambitsa dziko la Israel?

Ayi. Anamwalira zaka 12 msonkhano woyamba wa gulu la Zionism, lofuna kuti Ayuda akhale ndi dziko lawolawo, usanachitike mu 1897, ndipo dziko la Israel linakhazikitsidwa mu 1948. Iye anali nzika yokhulupirika ya Britain, ndipo ntchito zake ankazichita ndi chilolezo cha olamulira a nthawiyo. Komabe mu 1839 anakambiranapo ndi Muhammad Ali zobwereka malo ku Galilee kuti Ayuda azilima, ngakhale sizinatheke, ndipo midzi ya kunja kwa linga ndiyo inakhala chiyambi cha Jerusalem watsopano. N'chifukwa chake a ku Israel amamuwerengera pakati pa otsegula njira, mpaka nkhope yake inaikidwapo pa ndalama yawo yapepala.

Chuma chake ndi zolemba zake zinapita kuti atamwalira?

Popeza analibe mwana, nyumba ya ku Ramsgate ndi gawo lalikulu la chuma zinapita kwa mphwake, Joseph Sebag, amene anaonjezera dzina la Montefiore pa lake. Gawo lina analisiyira mabungwe achifundo ndi achipembedzo. Makalata ndi mabuku ake ambiri a tsiku ndi tsiku anawotchedwa iye atamwalira, koma Louis Loewe, amene anayenda naye kuyambira kale, anali atakonza zina mwa zolembazo, ndipo zinasindikizidwa mu 1890.

Chipatala cha ku New York chija sichinamangidwe ndi iye. Ayuda a mumzindawo anachitsegula mu 1884 ngati nyumba yosamaliramo odwala matenda okhalitsa, pokondwerera zaka zake 100, ndipo lero ndi Montefiore Medical Center ku Bronx. Ku Jerusalem, thumba la ndalama limene anthu anasonkha pomulemekeza linamanga midzi ingapo yotchedwa dzina lake, kuphatikizapo Yemin Moshe, umene uli pafupi ndi chigayo chija. Nyumba ya East Cliff Lodge inagwetsedwa m'zaka za m'ma 1950 ndipo malo ake ndi paki ya tauni, koma sunagoge ndi manda zikadalipo.